Kachitsulo ka pansi pa chala: mmene ma trigger a mfuti za pisitolo amasiyanirana

Mfuti ziwiri za pisitolo zikhoza kufanana kukula, kulemera ndi mtundu wa zipolopolo, koma n'kusiyana kutalitali pa kachitsulo kamodzi kokha, kaja kamene chala chamkombaphala chimakoka kuti mfuti ilire. Ogulitsa ndi ophunzitsa mfuti amakatchula kuti trigger. Wogula koyamba nthawi zambiri sakalabadira. Maso ake amakhala pa dzina la kampani, pa mtengo, ndi pa chigwiriro ngati chikukwana m'dzanja. Komatu kachitsuloka ndi kamene kali pakati pa zofuna ziwiri zolimbana. Mukufuna kuti chipolopolo chikagwe pamene mwaloza, ndipo mukufunanso kuti mfuti isalire pamene simunafune. Trigger yofewa imathandiza choyambacho koma imaika chachiwiri pangozi. Yolimba imateteza chachiwiri koma imasokoneza choyamba. Mitundu yonse ya trigger imene ili pamsika inabadwa poyesa kuyanjanitsa ziwirizi, ndipo palibe umene unaziyanjanitsa kotheratu. Mtundu uliwonse uli ndi ntchito imene umasiyira mwini mfuti, ndipo ntchito imeneyo ndi imene wogula ayenera kuidziwa asanatulutse ndalama.

Tiyambe ndi zimene zimachitika m'kati. Kumbuyo kwa chipolopolo kuli kabatani kakang'ono. Kabataniko kakamenyedwa mwamphamvu ndi kamsomali kachitsulo, kamathetheka moto umene umayatsa onga. Mphamvu yomenyerayo imachokera ku sipuling'i, ndipo sipuling'i siingamenye kanthu isanayambe yapanikizidwa. Mu mfuti zina sipuling'iyo imakankha hamala, imene mumaiona kumbuyo kwa mfuti, ndipo hamalayo ndi imene imamenya kamsomali. Mu zina hamala mulibe, sipuling'i imakankha kamsomali komweko, kamene amakatchula striker. Pa mfuti ya semi-automatic, chipolopolo chikangotuluka, mbali ya pamwamba yotchedwa slide imabwerera m'mbuyo, n'kutaya chigoba, n'kutenga chipolopolo china m'magazini, kabokosi kosungira zipolopolo, pobwerera kutsogolo. Kukoka kumodzi, chipolopolo chimodzi. Tsono kusiyana konse kwa ma trigger kwagona pa funso ili: sipuling'i ija amaipanikiza ndani, slide kapena chala chanu?

Pa mtundu wotchedwa single action, chala sichipanikiza chilichonse. Hamala imakhala itakokedwa kale, ndipo ntchito ya trigger ndi kungoimasula basi. Zili ngati diwa lotchera kale: mwala uli m'mwamba, kamtengo kakangosuntha pang'ono, mwalawo wagwa. N'chifukwa chake trigger yotere imayenda mtunda waufupi kwambiri, ndipo pa mfuti zambiri imafuna mphamvu ya makilogalamu awiri kapena kupitirirako pang'ono. Mfuti yotchuka ya mtunduwu ndi M1911 imene John Moses Browning anapanga, ndipo asilikali a dziko la America anayamba kuigwiritsa ntchito m'chaka cha 1911 mpaka pamene inalowedwa m'malo mu 1985. Ina ndi Browning Hi-Power ya kampani ya FN ku Belgium, imene inatuluka mu 1935 atamaliza kuikonza Dieudonné Saive. Asilikali a ku Britain anakhala nayo zaka zambiri mpaka 2013, pamene anasankha Glock 17.

Pa nkhani yolasa pamene mwaloza, palibe trigger yoposa ya 1911 yopangidwa bwino. Imayenda molunjika m'mbuyo m'malo mopendeka ngati zinzake, ndipo akatswiri a mipikisano yowombera amaikondabe mpaka lero. Koma mtengo wake ndi uwu: kuti mfutiyo ikhale yokonzeka, muyenera kuinyamula chipolopolo chili m'chipinda (malo a kumbuyo kwa mpope wa mfuti kumene chimakhala powombera), hamala itakokedwa, safety (kachitsulo koletsa mfuti kulira) itatsekedwa. Anthu ambiri akaona hamala ili chiimire chotero mtima umawagunda, ndipo ena amayesa kuitsitsa ndi chala chachikulu kwinaku akukoka trigger. Imeneyo ndiyo njira yoopsa kuposa zonse, chifukwa chala chikangoterereka mfuti yalira. Mfutiyi ikhoza kuyenda hamala itakokedwa chifukwa ili ndi safety ziwiri, ina ya chala chachikulu, ina kumbuyo kwa chigwiriro imene imamasuka dzanja likagwira bwino. Ntchito imene mfutiyi imakusiyirani ndi ya chala chachikulu: kutsitsa safety nthawi iliyonse musanawombere, ndi kuikweza nthawi iliyonse mukatha, mpaka chalacho chizichita chokha mutu uli pa zina. Munthu amene sanazolowere zimenezi akadzidzimuka amakoka trigger mfuti osalira, kapena amaibweza m'chimake safety ili yotsekula. Dziwaninso kuti si single action iliyonse imene ili ndi chitetezo chotere. Tokarev TT-33 ya ku Soviet Union inapangidwa popanda safety ya pa chala, moti siyenera kunyamulidwa monga amanyamulira 1911.

Kampani ya Walther ku Germany inabwera ndi yankho lina mu 1929 pa mfuti ya PP, kenako pa P38. Hamala ikhale itagona. Pa chipolopolo choyamba, chala chigwire ntchito ziwiri, kukoka hamala m'mbuyo ndi kuimasula. Ndiko kumene kunachokera dzina lakuti double action. Chipolopolo choyamba chikatuluka, slide imasiya hamala itakokedwa, choncho zipolopolo zotsatira zimatuluka ndi kukoka kwakufupi ndi kofewa kwa single action. Mtundu wosakanizawu amaulemba DA/SA. Kukoka koyamba kumakhala kwakutali ndipo kumafuna makilogalamu anayi ndi theka mpaka asanu ndi theka, pamene kotsatira kumatsikira kufupi ndi awiri. Beretta 92, imene inalowa m'malo mwa 1911 ku America ndi dzina la M9, ndi ya mtunduwu. Chimodzimodzinso SIG Sauer P226, Makarov, ndi CZ 75 imene inatuluka ku Czechoslovakia mu 1975. Amene amakhala ku South Africa aionapo m'chiuno mwa apolisi: Vektor Z88, imene inkapangidwa m'dziko lomwelo, ndi Beretta 92 yomweyo pa kapangidwe.

Nzeru ya DA/SA ndi yomveka. Chipolopolo choyamba ndicho chimene chimafuna kuganiza kwambiri, chifukwa ndi pamene munthu amachoka pa kungoloza n'kufika pa kupha. Choncho chimenecho achiikira njira yaitali ndi yolimba, yoti chala sichingaidutse osadziwa. Koma vuto lilinso pomwepo. Mfuti imodzi ili ndi ma trigger awiri oti muwaphunzire. Wosazolowera amati akakoka koyamba, dzanja lonse limafinya limodzi ndi chala, mfuti n'kugwa mphuno, chipolopolo n'kupita pansi ndi cha kumbali. Kenako chala chimabwera ndi mphamvu yomweyo pa kukoka kwachiwiri kumene kukufuna theka lokha, ndipo mfuti imalira nthawi isanakwane. Palinso za kutalika kwa zala. Hamala ikagona, trigger imakhala patsogolo kwambiri, moti wa dzanja laling'ono amaifikira ndi nsonga yokha ya chala, kapena amapotoza chigwiriro m'dzanja kuti afikeko. CZ 75 imadziwika ndi zimenezi, ngakhale kuti chigwiriro chake ndi chimodzi mwa zokoma m'dzanja.

Ndipo pali ntchito ina imene DA/SA imakusiyirani, yoiwalika msanga. Mukasiya kuwombera zipolopolo zisanathe, hamala imakhala ili yokokedwa ndipo trigger ili pofewa paja. Musanaibweze m'chimake muyenera kugoneka hamalayo ndi kachitsulo kotchedwa decocker, kamene kamaitsitsa popanda kumenya chipolopolo. Apa makampani sanagwirizane. P226 ili ndi decocker yokha, ilibe safety. Beretta 92FS ili ndi kachitsulo kamodzi pa slide kogwira ntchito zonse ziwiri, ndipo kuti muwombere mumakakankhira m'mwamba, pamene safety ya 1911 mumaitsitsira pansi. Munthu wozolowera imodzi akagwira inayo ali pa mantha, chala chake chachikulu chimapita kolakwika. CZ 75 B ili ndi safety koma ilibe decocker, pamene CZ 75 BD ili ndi decocker koma ilibe safety. Chilembo chimodzi pa dzina chikusintha kanyamulidwe konse ka mfutiyo, ndiye muziwerenga bwino chimene chalembedwa pa slide.

Mtundu wotchedwa double action only suchedwetsa kufotokoza. Hamala imagona chipolopolo chilichonse chikatuluka, ndiye kukoka kulikonse ndi kwakutali komanso kofanana. Palibe decocker yoti muiwale. Nthambi zina za apolisi ku America zinaukonda m'zaka za m'ma 1990 pamene zinkasiya mfuti za revolver, zija za kamgolo kozungulira koikamo zipolopolo, poti apolisiwo anali atazolowera kale kukoka kotere. Pambuyo pake Heckler & Koch ndi SIG Sauer anapanga mitundu yake yofewerapo, LEM ndi DAK. Kulasa bwino ndi trigger yotere kumafuna kuyeserera kochuluka, n'chifukwa chake lero yatsalira kwenikweni pa timfuti ta m'thumba.

Zimene zadzaza m'masitolo masiku ano ndi za striker. Nzeruyo si yatsopano, Luger P08 inali nayo kalekale, koma amene anaifalitsa ndi Gaston Glock wa ku Austria, pamene asilikali a dzikolo anasankha Glock 17 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Mu Glock, slide imapanikiza sipuling'i pang'ono chabe, ndipo chala chimamalizitsa kwatsalako kenako n'kumasula striker. Kukoka kwake ndi kwa makilogalamu pafupifupi awiri ndi theka, kofanana kuyambira chipolopolo choyamba mpaka chomaliza. Kunja kulibe hamala, kulibe decocker, kulibe safety ya chala chachikulu. M'malo mwake muli zoteteza zitatu zimene zimamasuka zokha pamene mukukoka: kalilime kali pakati pa trigger, kachitsulo kotchinga njira ya striker, ndi kena koletsa kuti mfuti ilire ikagwa pansi. Ubwino wake ndi woonekeratu. Pali chinthu chimodzi chokha choti muphunzire, ndipo mlangizi akhoza kuphunzitsa anthu ochuluka pa nthawi yochepa. N'chifukwa chake apolisi ndi asilikali a maiko ambiri anasamukira ku mtunduwu.

Koma mawu akuti striker asakupangitseni kuganiza kuti zonse n'zofanana m'kati. Pa mfuti ngati SIG Sauer P320 ndi Walther PDP, slide imapanikiza sipuling'i yonse, moti trigger imangomasula ngati mmene zimakhalira pa single action, kungoti hamala simukuiona. Kukoka kwake kumakoma, koma chitetezo chake chimadalira kwambiri tizitsulo ta m'kati. P320 inasankhidwa ndi asilikali a America mu 2017 ndi dzina la M17, ndipo yawoyo ili ndi safety ya chala chachikulu. M'chaka chomwecho zinadziwika kuti P320 yogulitsidwa kwa anthu wamba ikhoza kulira ikagwa mopendeka mwa mtundu wina, ndipo kampaniyo inayamba kusintha zitsulo za trigger kwaulere kwa eni ake. Wogula yogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kufunsa ngati inasinthidwa.

Kalilime ka pa trigger kaja anthu amakakhulupirira kuposa mmene kayenera. Kamaletsa trigger kuyenda yokha mfuti ikagunda pansi, kapena chinthu chikaikhula m'mbali. Koma sikasiyanitsa chala ndi chingwe cha jekete. Taonani munthu akubweza mfuti m'chimake cha m'chiuno. Maso ali kwina, malaya atuluka pang'ono m'thalauza, nsonga yake yalowa pakamwa pa chimake. Akukankhira mfuti pansi, nsaluyo yakola kutsogolo kwa trigger, ndipo mphamvu ya mkono wake womwe ikukoka trigger m'malo mwa chala. Makilogalamu awiri ndi theka si kanthu kwa mkono umene ukukankha. Chipolopolo chimapita m'ntchafu. Apa ndi pamene mfuti ya hamala ili ndi mwayi umene sutchulidwa kawirikawiri: mukamaibweza m'chimake mumaika chala chachikulu pa hamala yogona, ndipo chinthu chikayamba kukoka trigger mumamva hamalayo ikudzuka pansi pa chala, n'kuima pomwepo. Ya striker siikuuzani kanthu. Ntchito imene imakusiyirani ndi yogula chimake cholimba chophimba trigger yonse, ndi yobweza mfuti pang'onopang'ono mukuyang'ana. Palinso china cha Glock ndi zina zofanana nayo: kuti muiphwasule poitsuka muyenera kukoka trigger kaye. Wochotsa magazini n'kuiwala chipolopolo cha m'chipinda amawombera m'nyumba mwake. Magazini ichoke choyamba, slide ikokedwe pambuyo pake, m'chipinda muyang'anidwe ndi diso ndi chala. Mukasemphanitsa, slide imalowetsa chipolopolo china.

Mwina wina anganene kuti bwanji osangolimbitsa trigger kuti ngozi zithe. Apolisi a mzinda wa New York anayesa zimenezo. Kwa zaka zambiri mfuti zawo, kuphatikizapo za Glock, zinkaikidwa trigger ya mapaundi 12, amene ndi makilogalamu pafupifupi asanu ndi theka. Mu 2021 analengeza kuti apolisi atsopano azipatsidwa yofewerapo, ya mapaundi 5, poona kuti amalasa bwino nayo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona mukaika manambala pamodzi. Glock 17 yodzaza zipolopolo siikwana kilogalamu imodzi. Kukoka makilogalamu asanu ndi theka pa chinthu chopepuka chotero, ndi chala chimodzi, mfuti osasuntha, ndi ntchito yovuta ngakhale kwa wozolowera. Ndipo mumzinda wodzaza anthu, chipolopolo chophonya chimakagwera munthu wina. Ngozi imene munaithawa pa trigger imakakupezani kutsogolo kwa mfuti.

Komanso kulimba kwa trigger sikuteteza monga mmene anthu amaganizira. Munthu akadzidzimuka, akapunthwa, kapena dzanja lina likagwira chinthu mwamphamvu, zala za dzanja logwira mfuti zimafinya zokha iye asanaganize, ndipo mphamvu yake ikhoza kuposa trigger yolimba. Kutalika kwa njira ya double action kumathandizako ndithu, sindikukana, koma chimene chimateteza kwenikweni ndi chala chokhala chowongoka m'mbali mwa mfuti, kunja kwa mphete yozungulira trigger, mpaka mutaloza ndi kutsimikiza. Chimodzimodzinso kwa ana. Trigger yolimba si loko. Mwana wamng'ono amene chala chake chalephera amatembenuza mfuti n'kukankha ndi zala zazikulu ziwiri, ndipo potero mlomo wa mfuti umakhala utaloza iye mwini.

Manambala a pa bokosi sauza zonse za mmene trigger imamvekera. Mukakhala m'sitolo, wogulitsa atakulolani ndipo nonse mutaona kuti mfuti ilibe kanthu, lozani kumene wakuuzani n'kukoka pang'onopang'ono. Poyamba chala chimayenda mopepuka ngati palibe chimene chikukoka. Kenako chimafika polimba, pamene owombera amati wall. Kuchokera pamenepo onjezerani mphamvu pang'ono ndi pang'ono, maso ali pa kachizindikiro kolozera ka kutsogolo. Trigger yabwino imaduka kamodzi, thwa, kachizindikiroko osagwedezeka. Yoipa imakwekwereza ngati muli mchenga, simudziwa pamene idukire, ndipo dzanja limayamba kuthamangira kuidula. Mukatero musachotse chala. Kokani slide ndi dzanja linalo, kenako bwezani chala kutsogolo pang'onopang'ono mpaka mutamva kaphokoso kakang'ono. Pamenepo ndi pa reset, pamene trigger yakonzekanso. Reset yaifupi ndi yomveka bwino imathandiza powombera motsatizana, ndipo chala chimene sichibwerera mpaka pamenepo chimakoka pachabe. Trigger ya makilogalamu atatu yoduka bwino imalasa kuposa ya awiri yokwekwereza.

Ogulitsa amatamanso mfuti za double action kuti chipolopolo chikakana mukhoza kuchimenyanso kachiwiri pongokoka trigger. N'zoona, koma alangizi ambiri amaphunzitsa kuchitaya chipolopolocho pokoka slide, ndiye chimenechi chisakhale chokusankhitsani mfuti.

Maganizo anga ndi awa. Kwa munthu amene adzapita kokayeserera mwa apo ndi apo, ya striker monga inachokera ku fakitale, pamodzi ndi chimake chabwino, ndiyo ili ndi zochepa zoiwala. Amene ali wokonzeka kuyeserera kawirikawiri, ndipo amaopa kwambiri za pobweza m'chimake, DA/SA ya decocker yokha imamupatsa chitetezo chenicheni pa chipolopolo choyamba, bola aziyamba kuyeserera kulikonse hamala ili yogona. Ambiri amabera apa: amakoka slide n'kuyamba ndi kukoka kofewa tsiku lonse, moti kukoka kolimba kuja, kumene ndi kumene adzakumane nako pa tsiku loipa, sanakuphunzire. Single action ndi ya munthu amene waidzipereka, osati wosinthasintha mfuti.

Zonsezi zimabwera pambuyo pa lamulo. Ku Britain, kupatula Northern Ireland, anthu wamba analetsedwa kukhala ndi mfuti zotere mu 1997 pambuyo pa kuphedwa kwa ana asukulu ku Dunblane mu 1996. Ku South Africa, lamulo la Firearms Control Act la mu 2000 limafuna kuti munthu akhale nzika kapena wokhala ndi chilolezo chokhazikika m'dzikomo, akhale ndi zaka 21 kupatula pa zifukwa zapadera, apeze kaye satifiketi yosonyeza kuti ndi woyenera kugwira mfuti, ndiponso akhale ndi bokosi lachitsulo lokhoma losungiramo mfutiyo. Laisensi ya mfuti yodzitetezera imakhala ya mfuti imodzi ndipo imatha pa zaka zisanu. Mfundo yakuti mfuti ndi imodzi ikutanthauza kuti kusankha molakwa kumawawa, chifukwa kusintha kumafuna kuyambiranso mapepala ku polisi. Ndi bwino kupita kaye ku malo ovomerezeka oyesererako kuwombera, kumene ambiri amabwereketsa mfuti pansi pa mlangizi, n'kuyesa mitundu iwiri kapena itatu ndi zipolopolo zenizeni. Ku Malawi ndi ku Zambia nakonso kukhala ndi mfuti popanda laisensi ndi mlandu waukulu.

Mukagula, mudzaona zitsulo zambiri zogulitsidwa padera zolonjeza kufewetsa trigger. Pa mfuti ya mipikisano, imene imadzazidwa pamzere wowomberera pokha, zili ndi malo ake. Pa mfuti yoyenda nayo m'chiuno, ine ndimati isiyeni mmene inabwerera. Tizitsulo timene timagwira striker kapena hamala timalumana pa malo ochepa kwambiri, ndipo kufewetsa kwambiri kumachitika pochepetsa kulumanako kapena kufooketsa sipuling'i. Sipuling'i yofooka imalephera kuyatsa zipolopolo zina za kabatani kolimba, ndipo kulumana kochepa kukhoza kumasuka mfuti ikagwa pa simenti. Makampani ambiri amathetsanso chitsimikizo chawo mukasintha zitsulozi. Ngati trigger ikukwekwereza pa mfuti yatsopano, nthawi zambiri imasalala yokha ikagwira ntchito kwa kanthawi ndi kutsukidwa bwino, ndipo ikapitirira kuvuta, apatseni amisiri a mfuti ovomerezeka aione.